Kodi ku America amadyadi chonchi kapena achemwali akukokomeza?

NachisaleSengaBay: Abale amene munafikako ku America tandithandizeni. Achemwali anga angobwera kumene kuchokera ku Texas komwe anakaona mwana wawo ndiye nkhani yawo ndi ya zakudya basi, akuti mbale imodzi ya mu lesitilanti ingakwane anthu atatu, zotsala amakulongedzera m'kabokosi upite nazo kunyumba, komanso ukagula Coca-Cola kapu ikatha umakathiranso osalipira. Eti zoona zimenezi? Nanga nsima amadya, poti chimanga akuti amalima chambiri?

MlangiziWaKuLifuwu: Sakunama mayi. Ine ndinapitako pa maphunziro a zaulimi, chinandidabwitsa si kukula kwa mbale kokha koma kudyera mgalimoto, munthu amangoima pawindo la McDonald's osatsika, kulandira baga ndi tchipisi nkumadya akuyendetsa, palibe zosamba m'manja kapena kudikirana pamphasa. Chimanga amalimadi kuposa dziko lina lililonse koma chambiri chimapita ku ziweto ndi kupanga ethanol, china amapangira manyuchi otsekemera amene amathira mu zakumwa. Ufa wa nsima ndinkachita kukasaka mmashopu a anthu a ku Africa kuno.

NachisaleSengaBay: Ndiye nchifukwa chake amanenepa choncho achimwene?

MlangiziWaKuLifuwu: Eya, bungwe lawo la zaumoyo la CDC limati pa akuluakulu 10 alionse pafupifupi 4 ndi onenepa kwambiri. Koma si onse ayi, ena ammawa ali mumsewu kuthamanga ndipo amawerenga chikalata cha paketi iliyonse asanagule. Vuto ndi mtengo. Zamafuta ndi zashuga ndi zotchipa komanso zili paliponse, pomwe ndiwo zamasamba zolimidwa popanda mankhwala, nsomba yaiwisi, zimenezo ndi za anthu a ndalama. Kampukutu ka masamba koti pa msika wa Kamuzu Road mayi angakuwonjezere ngati basela, kumeneko uchita kuyamba waganiza kaye.

NesiWaKuKK: Tisawaseke kwambiri anzanga, ife kuchipatala tikuona BP ndi shuga zikuchuluka konkuno. Nzimbe zili pa Dwangwa pomwepa, tiyi timathira masipuni anayi, masana tchipisi cha pachiwaya ndi Fanta, mgaiwa ana sakuufunanso akuti ndi wa kuboding'i. Iwo boma lawo linatulutsa malangizo a kadyedwe otchedwa MyPlate mu 2011 kunena kuti theka la mbale likhale masamba ndi zipatso, ife tili ndi magulu 6 a zakudya aja timaphunzitsa kusikelo, koma taonani mbale zathu, phiri la kondowole kausipa pambali ndi kachigwada kongolawa.

Chemwali_Mpatsa: Kkkkk anesi kondowole musamukhudze chonde, mwatilakwira a ku Linga tonse. Koma a Nachisale tafunsani, achemwaliwo abwera atanenepa kapena?

NachisaleSengaBay: Masiketi onse sakuwakwana kkkk, ndipo atangotsika minibasi anandituma kukafuna chambo ndi nkhwani wotendera.