Za sauna ndi BP zija, nazi zomwe zatuluka

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati munthu womwa mankhwala a BP angamalowe mu sauna, kachipinda kotentha kwambiri komwe anthu amakhalamo kuti atuluke thukuta. Paja ndinati nyumba yomwe ndikukhala kuno ku Tampere, Finland, ili ndi yake, ndipo nditayesa ndinatuluka ndi chizungulire.

Ndinatsata mawu a achemwali aja amene anati ndiyambe ndaonana ndi adokotala. Adokotalawo anati poti BP yanga ili m'malo, ndizilowa, koma ndizisamala podzuka. Akuti kutentha kumakulitsa mitsempha, BP n'kutsika, ndiye ukangoti nyamu mutu umazungulira, makamaka ngati ukumwa mankhwala.

Pano ndimakhala pa benchi yapansi, mphindi 10 basi, botolo la madzi lili pakhomo. Kumtunda kumafika madigiri 80 kapena 90, ndipo wina akathira madzi pamiyala yotentha ya m'menemo makutu amachita kuyabwa. Chizungulire chinatheratu, tulo ndikugona tabwino, ndipo msana wasiya kudandaula.

Achimwene amene munati ndikatuluka ndizidumphira m'nyanja yozizira ngati eni dziko, pepani, adokotala andikaniza. Mowanso ayi musanalowe. Ndipo sikelo ikatsika musasangalale, ndi thukuta chabe limenelo, mukamwa madzi zibwerera.