Njere za kajongwe zakana kumera, madamu akufuna maluwa pa Khirisimasi

Yohane (Mount Pleasant, Harare): Akuluakulu, ndithandizeni. Kumpanda kuno kuli duwa loyanga la flame lily, lija anzathu achishona amati kajongwe. Mu Epulo makoko ake atayamba kusweka ndinatola njere zofiira zija n'kuzisunga m'pulasitiki. Zina ndinafesa mu Juni, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Pano ndi Seputembala, palibe yamera. Zotsala zachita chuku. Madamu akufuna bedi lonse lifiire pa Khirisimasi ana awo akabwera. Tulo sindikupeza.

A Banda (Greendale): Mphwanga, pulasitiki ndi yomwe yakuwonongera. Njere zija zimakhala ndi mnofu wamadzi, ukazitsekera zimawola. Ine ndimaziyanika pa nyuzipepala pamthunzi, zikauma ndimaika mu emvulopu. Komanso Juni kuno ku Harare dothi limakhala lozizira, njere imangogona, iwe n'kumaimiza m'madzi.

Mayi Nyirenda (nazale): A Banda anena zoona. Sankhani zomwe zikadali zolimba, muziviike usiku umodzi m'madzi ofunda, mawa lake muzitikite mpaka kakhungu kofiira kachoke. Fesani Okutobala kukatentha, m'mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi kompositi, osati katondo wa kwanuko amene amagwira madzi. Kwirirani pang'ono chabe. Zimamera mosiyanasiyana, ina pakatha mwezi, ina miyezi itatu, ndiye musafulumire kukhuthula thireyi. Chonde valani magolovesi. Chomera chonsecho ndi poizoni, makamaka njere ndi mbatata yake. Mbale yoviikiramo isayandikire ana kapena agalu.

Yohane: Zikomo mayi. Ndiye zikamera, Disembala zichita maluwa?

A Mwale (Highlands): Ayi mwana wanga. Chaka choyamba kamangotuluka kamtengo kowonda ngati udzu, mphamvu yonse ikupita kukapanga kambatata pansi. Mvula ikatha kamauma, iwe n'kumayesa kafa, koma kali moyo. Zanga zinachita duwa chaka chachinayi. Madamu uwauze lero lomwe, usadikire Disembala.

Gift: Bwanji osangogula kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu mvula ikayamba?

Mayi Nyirenda: Achimwene, zimenezo ayi. Ili ndi duwa la dziko la Zimbabwe, ndipo lamulo la Parks and Wildlife Act limaliteteza. Ambiri mwa ogulitsa aja amathyola ndi kukumba kutchire, n'chifukwa chake malo omwe tinkaliona tili ana pano kulibe. Zimandiwawa kwambiri.

A Mwale: Yohane, yankho lili pampanda wakowo. Chomera chakalecho chili ndi mbatata pansi, ndipo ino ndi nthawi yake yogona. Kumba ndi manja, khasu liike kutali, chifukwa imathyoka msanga. Imakhala ngati chilembo cha V, diso lili kunsonga iliyonse. Ukaidula pachigongono upeza mbewu ziwiri, koma diso likathyoka yatha. Igoneke chammbali, kuya ngati chala chako, pafupi ndi waya poti nsonga za masamba zimafuna pogwira.

Yohane: Ambuye, ndakumba madzulo ano. Ndapeza zinayi, imodzi ndaithyola diso. Madamu ndawaonetsa, avomera kuti chaka chino tiyambe ndi zomwe zilipo. Njere zolimba zatsala 37. Mayi Nyirenda, mchenga ndi kompositi ndisakanize motani?

Mayi Nyirenda: Theka ndi theka. Kompositiyo muisefe kaye.