Siteji ya stick-slip ikukana kukwera pa 4 K

Wofunsa: Akuluakulu, ndatopa nayo siteji iyi, kachipangizo kokweza ndi kutsitsa katundu mwa njira ya stick-slip: kamakankha katundu pang'onopang'ono, kenako kamabwerera mofulumira katunduyo n'kutsala pamene wafika. Ndinaipangira STM yathu (maikulosikopu yofufuza pamwamba pa zinthu ndi kansonga kakuthwa kotchedwa tip): piezo stack (timagawo tosanjikizana timene timatalika tikapatsidwa voteji), sapphire yotsetsereka pa alumina, ndi sipuling'i ya beryllium copper yopanikiza. Pa tebulo imayenda mbali zonse popanda vuto, koma ikangofika pa 4 K (pafupifupi -269 °C) mu cryostat, chipangizo chozizitsira, imatsika basi, kukwera yakana. Ndakweza voteji mpaka 120 V, koma palibe chasintha.

Woyankha woyamba: Vuto lili pa sipuling'i, achimwene. Zinthu zimene mwalumikizazo sizifupika mofanana zikazizira, choncho kupanikiza kumene munachuna pa tebulo sikumene kuli pansi apo.

Wachiwiri: Musathamangire sipuling'i. Pa 4 K piezo imatalika pang'ono kwambiri, ndipo pokwera imalimbananso ndi kulemera kwa katundu. Yezani sawtooth (voteji yoyendetsa piezo, imene imasintha pang'onopang'ono kenako n'kubwerera mwadzidzidzi) kumapeto kwa mawaya, osati potulukira pa amplifier, chifukwa mbali yobwerera ikapanda kufulumira, sapphire sitereka ayi, imangopita ndi kubwerera pamalo omwewo. Piezo ya capacitance (mphamvu yosunga magetsi) ya 1 µF imafuna 10 A kuti isinthe 100 V m'ma microsecond 10, ndipo mawaya opyapyala a mu cryostat amachedwetsa zimenezo.

Woyamba: Koma capacitance nayo imatsika kukazizira, ndiye mawaya akanavuta kale pa tebulo. Ndi sipuling'i.

Wachitatu: Kwathu wina anapaka girisi pang'ono kuti siteji iziyenda mosalala. Girisiyo anauma gwa! itazizira, ndipo tinataya sabata yathunthu tikudikira cryostat kuti ifunde. Ngakhale mafuta a m'zala amasokoneza, choncho tsukani ndi isopropanol ndipo muvale magolovesi. Komanso chonde musayendetse piezo pamene mukupopa mpweya kapena muli helium wochepa m'kati, pakuti pamenepo magetsi amathetheka mosavuta. Ine ndinawotcha stack imodzi mwa njira imeneyo.

Wachiwiri: Musakwezenso voteji musanaone malire a stack yanu. Ndipo ikayamba kuyenda, musawerenge masitepe ngati muyeso, chifukwa sitepe yokwera ndi yaifupi kuposa yotsika. Pamafunika encoder kapena interferometer, zipangizo zoyezera mtunda umene siteji yayenda.

Woyamba: Encoder idzayeza chiyani siteji itaima? Masulani sipuling'iyo pang'ono, muyese mu nitrogen wamadzi pa 77 K musanawononge helium, kenako mudzatiuze.

Wachitatu: Akamasula kwambiri katunduyo adzatsetsereka yekha n'kuswa tip. Kodi mwaikapo kulemera kotani, achimwene?