Tabwerako ku Nyika, zikomo nonse

Mwezi watha ndinafunsa pano ngati ulendo wa ku paki ya Nyika ndi woyenera kuuvutikira, kapena tingopita kunyanja monga mwa masiku onse. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka inu bambo a ku Rumphi amene munati tisayerekeze kupita pa galimoto yaing'ono.

Tinakumverani. Tinabwereka galimoto yamphamvu, tinadzazitsa mafuta ku Rumphi poti kumtundako kulibe kothirira, n'kunyamuka m'mamawa. Kuchokera pachipata cha Thazima kukafika ku Chelinda, komwe kuli malo ogona alendo m'pakimo, msewu ndi wafumbi, ndipo tinayenda pang'onopang'ono.

Koma titafika pamwamba kutopa konse kunatha. Zitunda za udzu wokhawokha mpaka pomwe maso alekezera, mbidzi ndi nchefu zikudya chapafupi osatekeseka. Nyama yotchedwa chilembwe ndinkangoimva, kumeneko tinaona gulu lathunthu. Mwana wanga wamkazi, amene sakhala chete, anangoti duu pawindo. Usiku nyenyezi zinali mbuu kumwamba konse. Ndinamvetsa chifukwa chake malowa anakhala paki yoyamba m'Malawi muno mu 1965.

Chomwe tinachepetsa ndi kuzizira. Chelinda ili pamwamba kuposa mamita 2,000, ndipo mu Julayi muno tinadzuka udzu utayera ndi chisanu, ana akunjenjemera. Tengani majuzi ochindikala, zipewa ndi masokosi, musadalire chitenje.

Amene munatchula za maluwa, kumeneko anatiuza zomwezo: amaphuka kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, koma nthawi imeneyo msewu umaterera. Netiweki ya foni imavuta, choncho auzeni abale tsiku lobwerera musanakwere.