Ndithandizeni kupeza The Last Fishing Boat

Moni nonse m'gulu muno. Zandivuta, ndithandizeniko.

Loweruka lililonse madzulo timaonetsa kanema kwa achinyamata a kumpingo kwathu kuno ku Nkhamenya. Timawalitsa pakhoma la kalasi ndi kapulojekita kakang'ono koyendera batire la sola. Mwezi watha tinaonetsa The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, ija ya William Kamkwamba wa ku Wimbe. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo, ndipo agogo ena anagwetsa misozi poona za njala, ati mu 2002 zinalidi choncho. Pano akundivutitsa kuti ndibweretse ina ya moyo wakumudzi, za m'tauni zawakwana.

Ndikufuna The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya 2012, yokamba za asodzi akunyanja. Pa intaneti ndangopeza tizidutswa. Kwa anyamata oika mafilimu m'mafulashi pa Kasungu boma kuli achinaijeriya ndi akarate omasuliridwa basi. Mlamu wanga anazungulira mumsika ku Lilongwe, osaipeza.

Kodi ndingaigule kuti, pa DVD kapena pa fulashi? Netiweki kuno ndi yovuta, ndiye yoonera pa intaneti siithandiza. Nanga poonetsa pagulu osalipiritsa, chilolezo timapempha kwa ndani?