Makonsati a Hallé ku Manchester: ndisankhe ati ndili ndi ana awiri ndi apongozi?

Mayi wa ku Salford

Moni nonse. Ndakhala ku Salford zaka 6, ndipo holo ya nyimbo ya Bridgewater ku Manchester ndimaidutsa kawiri pa tsiku pa tramu, sitima ya m'misewu ya mumzinda, popita ndi pochokera kuntchito, koma sindinapondemo phazi. Sabata yatha mwana wanga wamkazi wa zaka 11, yemwe wayamba kuphunzira vayolini kusukulu, anabwera ndi kabuku kofotokoza makonsati amene gulu la Hallé, gulu lalikulu la oimba ndi zida (orchestra) limene limaimbira m'holoyo, lakonza m'nyengo ikubwerayi, ndipo kuyambira tsikulo sakundipatsa mpata wopuma.

Kabukuko ndakawerenga kawiri koma kandisokoneza mutu. Muli makonsati a madzulo a nyimbo zazitali zimene amazitcha symphony, muli makonsati a mabanja, ndiponso muli a nyengo ya Khirisimasi. Ndalama zimene tingathe kupatula ndi zokwanira makonsati awiri okha ngati tipita banja lonse, ndipo banja lake mu Disembala lidzakhala la anthu asanu, chifukwa apongozi anga aakazi akubwera kuchokera ku Zomba kudzationa. Iwo aimba alto mu kwaya ya Mvano kwa zaka zoposa 30, choncho nyimbo amaidziwa kuposa tonsefe, koma Chingerezi cha kuno amachimva movutikira. Tilinso ndi mwana wamwamuna wa zaka 6 amene sangakhale pansi ngakhale ulaliki utakhala wa mphindi 20 zokha.

Ndikupempha amene munapitapo kuti mundilangize makonsati amene ndingayambire. Ndikufunanso kudziwa ngati pali zovala kapena miyambo imene munthu ayenera kuidziwa asanalowe, kuti ndisakachite manyazi pamaso pa apongozi.

Bambo wa ku Stockport

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ine ndinayamba kupita ku makonsati a gulu limeneli nthawi ya Sir Mark Elder, amene analitsogolera kuyambira 2000 mpaka 2024, pamene udindowo unapita kwa Kahchun Wong wa ku Singapore. Gululi si ladzulo ayi. Analiyambitsa mu 1858 ndi Charles Hallé, woimba piyano wobadwira ku Germany, ndipo linaimbira kwa zaka zambiri mu Free Trade Hall lisanasamukire ku Bridgewater Hall pamene holoyi inatsegulidwa mu 1996. Popeza mwatchula tramu, dziwani kuti nyumba yonseyo anaikhazika pa masipuling'i achitsulo kuti kunjenjemera kwa tramu ndi magalimoto kusamveke m'kati, moti mukakhala pampando wanu simudzadziwa n'komwe kuti tramu yanu ija yadutsa panja.

Kunena za apongozi anu, musazengereze, atengereni ku Messiah, nyimbo yaitali ya kwaya ndi zida yolembedwa ndi Handel. Gululi limaiimba mu Disembala chaka ndi chaka pamodzi ndi kwaya yake, Hallé Choir, yomwe inayamba m'chaka chomwecho cha 1858. Handel analemba nyimboyi mu 1741 m'masiku 24 okha, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin mu Epulo 1742, pafupi ndi nyengo ya Pasaka. N'chifukwa chake mudzaona kuti gawo loyamba lokha ndilo likamba za kubadwa kwa Yesu, kuyambira pa ulosi wa Yesaya mpaka pa abusa kubusa, pamene gawo lachiwiri ndi lachitatu likamba za mazunzo, imfa ndi kuuka kwa akufa. Mawu ake onse ndi a m'Baibulo, choncho nkhani ya Chingerezi isakudetseni nkhawa. Kopani mndandanda wa mavesiwo pa intaneti, muwapatse apongozi awawerenge m'Baibulo lawo la Chichewa kudakali masiku, ndipo adzalowa m'holomo akudziwa kale kumene nkhani ikupita, mwina kuposa azungu ena amene adzakhale nawo pafupi.

Chinanso n'chakuti kwayayo imagawidwa monga momwe timagawira kwathu, soprano, alto, tenala ndi besi, kotero khutu la munthu wa kwaya silisochera. Nyimbo ya Aleluya yomwe imatseka gawo lachiwiri ndi yomwe ija makwaya ambiri a kwathu amaiphunzira pa solfa. Nditawatengera achemwali anga aakulu kumeneko zaka zapitazo, anakhala duu gawo lonse loyamba, chikwama chili pamiyendo, osagwedeza ngakhale mutu, mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndaononga ndalama. Itangoyamba Aleluya ndipo anthu onse ataimirira, monga mwambo wake ulili kuno, ndinamva mawu a alto akutuluka pansipansi pambali panga, dzanja lawo likumenya nthawi pa mpando wakutsogolo, ndipo ndinachita kuwagwira pa chigongono kuti akumbukire kuti sali pa pulakatisi ya Lachinayi.

Konzekerani kukhala maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono, kuphatikizapo nthawi yopuma. Konsati yachiwiri ndikanasankha ya nyimbo za Khirisimasi, chifukwa kumeneko omvera amaloledwa kuimba nawo nyimbo zina, ndipo zingapo mwa izo ndi zomwe timaimba kwathu m'Chichewa.

Mphunzitsi wa nyimbo

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Stockport pa za apongozi, koma ndikusiyana nawo pa zotsalazo. Mwana wa zaka 6 musamutengere ku Messiah. Adzatopa mphindi 30 zisanakwane, ndipo inu mudzathera usiku wonse mukumunong'oneza ndi kumupatsa maswiti m'malo momvera nyimbo. Choopsa kwambiri n'chakuti adzakula akuganiza kuti orchestra ndi chilango.

Langizo langa ndi lakuti muleke kuwerengera makonsati, muyambe kuwerengera matikiti. Mwanena kuti mungathe makonsati awiri a anthu asanu, kutanthauza matikiti 10. Palibe lamulo loti banja lonse lipite kulikonse. Ku Messiah apite apongozi ndi mwana wawo, bambo a kunyumbako, chifukwa kuperekeza amayi ake ndi udindo wawo, ndipo amenewo ndi matikiti awiri. Ku konsati ya mabanja mupite inu, ana awiriwo ndi agogo awo, matikiti anayi. Kenaka tsiku lina, apongozi atabwerera, mupite inu ndi mtsikanayo awiriwiri ku konsati ya madzulo. Onse pamodzi ndi matikiti 8, makonsati ndi atatu, ndipo matikiti a ana kawirikawiri amakhala otsikirapo mtengo.

Makonsati a mabanja amachitika masana, amatenga ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo nthawi zambiri pamakhala munthu wolankhula ndi ana, kuwaonetsa kuti ichi ndi chitoliro, ili ndi lipenga, izi ndi zida zazingwe, izo kumbuyoko ndi ng'oma. Mwana akayankhula kapena kusuntha palibe amene amamuyang'ana ndi diso loipa, popeza holo yonse yadzaza ndi anzake. Ngati m'kabuku kanu mwaona dzina la Peter and the Wolf, nyimbo imene Prokofiev analembera ana mu 1936, musaiphonye, chifukwa ndi nthano yeniyeni yokambidwa ndi zida. Mbalame ndi chitoliro, bakha ndi oboe, mphaka ndi clarinet, agogo aamuna ndi bassoon ya mawu okhuthala ngati munthu wong'ung'udza, ndipo mmbulu ndi malipenga atatu. Ana amene ndimawaphunzitsa akaimvera kamodzi amatha kuzindikira zidazo ndi khutu lokha. Mu Disembala gululi lakhalanso likuonetsa The Snowman, kafilimu ka zojambula ka mu 1982 kotalika mphindi 26, orchestra ikuimba nyimbo za Howard Blake pompo pamene zithunzi zikuyenda. Nkhani yake ilibe zokambirana, choncho agogo ndi mdzukulu wawo adzaitsatira mofanana popanda wowamasulira. Matikiti a makonsati a mtundu umenewu amatha msanga, kotero musadikire kuti Novembala afike.

Koma mtima wanga uli pa mtsikana wa zaka 11 uja, chifukwa ndiye anabweretsa kabukuko ndipo m'mayankho athu akhoza kuiwalika. Mwana amene wagwira vayolini ndi manja ake akufunika kuona kumene njirayo imathera, ndipo zimenezo sangazione bwino pa konsati ya ana aang'ono. Funani usiku umene pali concerto ya vayolini, ndiye kuti nyimbo imene woimba mmodzi amaima kutsogolo n'kumayankhana ndi gulu lonse la anthu pafupifupi 80. Kawirikawiri usiku wotere umayamba ndi nyimbo yaifupi, kenaka concerto, kenaka kupuma kwa mphindi 20, ndipo pomaliza symphony. Muuzeni ayang'anitsitse oimba vayolini a kumanzere kwa wotsogolera, aone mmene mauta awo onse amakwerera ndi kutsikira pamodzi ngati makasu a anthu olima pa dima, chinthu chimene aphunzitsi ake akhala akumuuza m'kalasi iye osamvetsa chifukwa chake. Aonenso chiyambi chenicheni, pamene woimba oboe amatulutsa liwu limodzi la A ndipo gulu lonse limachunira zida zake pa liwu limenelo. Sabata imodzi konsati isanafike, mvetserani nyimbo za usikuwo pa YouTube pophika kapena pochapa, ngakhale katatu, chifukwa nyimbo zazitalizi zimakoma khutu likazizolowera.

Wophunzira wa ku Fallowfield

Mayi, ine ndiyankhe za mipando ndi miyambo, popeza zina akuluakulu afotokoza kale. Monga wophunzira ndimagula mipando yotsika mtengo, ndipo imene ndimaikonda ndi ya kumbuyo kwa orchestra, pafupi ndi limba lalikulu la mapaipi pafupifupi 5,500 limene linapangidwa ndi kampani ya Marcussen ya ku Denmark. Mukakhala kumeneko mumaona nkhope ya wotsogolera m'malo mwa msana wake, ndipo mumaona mmene amaitanira gulu lililonse ndi maso kapena nsidze chabe. Kuipa kwake n'kwakuti ng'oma ndi malipenga zimakhala pafupi kwambiri, ndipo woimba concerto amakufulatirani, choncho pa usiku wa mwana wanu wamkazi ndi bwino kukhala kutsogolo, ngakhale m'mwamba. Pa Messiah mipando yakumbuyoyo mumakhala kwaya.

Za zovala musavutike nazo. Oimba okha ndiwo amavala zakuda, omvera amabwera ndi zilizonse zaukhondo, ena atangoweruka kuntchito. Apongozi akafuna kuvala chitenje ndi duku lawo adzaoneka bwino kuposa ambiri, bola jekete lotentha lisaiwalike chifukwa Disembala wa ku Manchester ndi wa mvula ndi chisanu.

Mwambo umene umasokoneza alendo ndi wa kuwomba m'manja. Symphony imakhala ndi zigawo, kawirikawiri zinayi, ndipo pakati pa zigawozo oimba amaima kwa kamphindi koma nyimbo isanathe. Anthu amakhala chete, ena amatsokomola, kenaka gawo lina limayamba. Njira yosavuta ndi kudikira mpaka wotsogolera atatsitsa manja ndi kutembenukira kwa omvera. Pamenepo wombani mmene mungathere, ngakhale nthungululu sindikhulupirira kuti wina angaidandaule.

Chomaliza ndi nthawi. Makonsati a madzulo ambiri amayamba 7.30, ndipo 7.30 yake ndi yeniyeni. Ine tsiku lina, mu holo ina, ndinafika mochedwa ndi mphindi zisanu chifukwa chonyamuka mochedwa ndekha, ndipo ndinaima panja pa chitseko mpaka nyimbo yoyamba itatha, ndikuimva ngati ikuchokera m'nyumba ya aneba. Fikani kudakali mphindi 30, ana apite kuchimbudzi, ndipo foni muizimitse ndithu, chifukwa m'holo yotere ngakhale kunjenjemera kwake kumamveka mizere itatu.

Bambo wa ku Stockport

Aphunzitsi anena zoona za mwana wamng'onoyo, ndipo ndavomera kugonja. Ndingowonjezera kuti ngati pa usiku wa mtsikanayo mutapeza nyimbo ya Edward Elgar, wolemba nyimbo wa ku England, muitenge, chifukwa symphony yake yoyamba inamveka koyamba padziko lonse ku Manchester konkuno mu Disembala 1908, ikuimbidwa ndi gulu lomweli motsogozedwa ndi Hans Richter, ndipo mpaka lero nyimbo za Elgar amaziimba ngati zapakhomo pawo.

Mayi wa ku Salford

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Tatsatira nzeru ya aphunzitsi yogawa matikiti, kungoti ku Messiah ndipita nawo ndine, chifukwa bambo a kunyumba kuno atamva za maola awiri ndi theka anadzipereka okha kutsala ndi ana. Mtsikana uja wazunguliza kale ndi cholembera usiku wa vayolini wa chaka chamawa ndipo kabukuko akukasunga pansi pa pilo. Dzulo ndinawaimbira apongozi pa WhatsApp kuwauza za Messiah ndi mavesi amene ayambe kuwerenga. Sanandilole n'komwe kumaliza, anangofunsa ngati m'holomo amalola munthu kulowa ndi pepala lake la solfa, chifukwa la Aleluya ali nalo m'kati mwa buku lawo la nyimbo ndipo alilongedza kale.