Buku la character encoding: ndigule kapena ndikutaya ndalama?

Mwanasukulu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndaona buku lonenepa ndithu lofotokoza za encoding zokhazokha, ndiko kuti njira zomwe kompyuta imasungira zilembo ngati manambala, kuyambira ASCII mpaka Unicode. Ine ndimalemba Python ndi JavaScript pang'ono. Ndigule?

Wa frontend: Usavutike mphwanga. Ika encoding ya UTF-8 paliponse, nkhani yatha.

Madala a C: Nkhani imatha mpaka tsiku lomwe watumiza fayilo ya CSV, mwini wake n'kuitsegula mu Excel, ŵ yense n'kusanduka Åµ. Ndiye uyankha chiyani? Wodziwa amangoyang'ana kamodzi: ŵ mu UTF-8 ndi ma byte (tizidutswa ta data) awiri, C5 ndi B5, koma pulogalamuyo yawawerenga ngati encoding ina yotchedwa Windows-1252, byte iliyonse n'kukhala chilembo pachokha. Wosadziwa amathamangira find and replace, kenako n'kuwononga ndi zomwe zinali bwinobwino.

Achemwali a database: Ndiponso "UTF-8 paliponse" yomweyo ili ndi msampha wake. Mu database ya MySQL, chomwe kwa zaka zambiri chimatchedwa utf8 chimasunga ma byte atatu okha pa chilembo. Emoji imafuna anayi. Popanda utf8mb4, yomwe imalola ma byte anayi, uthenga wa munthu umakanidwa kapena kudukira pomwe pali kankhope koseka.

Wa frontend: Chabwino, ndavomera. Nanenso ndikudziwa kuti "😀".length mu JavaScript imabweza 2 chifukwa mkati mwake ndi UTF-16, encoding yomwe imasunga emoji imeneyi ngati zidutswa ziwiri. Koma zimenezi mpaka buku? Unicode Standard yeniyeniyo imawerengedwa ulere pa intaneti.

Madala a C: Pamenepo sindikutsutsa. Zofunika kwa munthu ngati iwe mwana wanga n'zochepa. Byte si chilembo. ASCII ili ndi zizindikiro 128 zokha, ndipo UTF-8, yomwe Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, inazisiya momwemo kuti mafayilo akale asasokonekere. N'chifukwa chake wolemba Chingelezi chokha saona vuto. China chomwe anthu amachiphonya: ŵ yemweyo akhoza kulembedwa m'njira ziwiri, ngati chilembo chimodzi U+0175 (nambala yake mu Unicode), kapena w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa U+0302. M'maso n'zofanana, koma kompyuta ikamafananitsa imati n'zosiyana, dzina n'kusowa pa search. Mankhwala ake ndi normalization ya NFC, yomwe imaphatikiza w ndi kachipewa kukhala chilembo chimodzi.

Achemwali a database: Ine ndiye ndikuti bukulo lili ndi eni ake. Ukapatsidwa ntchito yosamutsa data yakale ya ma encoding ngati EBCDIC kapena Shift JIS, timasamba ta pa intaneti sitikukwanira. Apo gula, usaumire.

Mwanasukulu: Zimenezo sindinafikeko achemwali, panopa ndi timawebusayiti basi.

Madala a C: Ndiye sunga ndalama zako kaye. Tsegula Python 3, lemba len("ŵ"), kenako len("ŵ".encode("utf-8")). Ukatha kutifotokozera chifukwa chomwe yoyamba ikupereka 1, yachiwiri 2, ubwerenso tikambirane za NFC.

Mwanasukulu: Yoyamba yangondipatsa 2 madala.

Madala a C: Ŵ ameneyo wam'kopera kuti? Ndi uja wa w ndi kachipewa padera.